Helikopita, droni kapena kukwera tawa: tisankhe njira iti yokonzera malaini akuluakulu a magetsi osataya anthu?

Ngati muli mu ntchito za magetsi kapena muli ndi m'bale amene amakwera matawa, mwina munaonerako timavidiyo tija ta pa YouTube, munthu atakhala pa kapulatifomu kunja kwa helikopita miyendo ili lende, akugwira ndi manja waya woti uli ndi moto. Zimaoneka zamphamvu zedi, ndipo ambiri akaona amangoti basi ndi zomwe tikufunika kuno izi, anyamata athu azivutikiranji wapansi m'mapiri. Funsolo ndi lomveka, makamaka pano poti Malawi ali ndi laini ya 400kV ya makilomita 173 kuchoka pa Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, kuphatikiza ina ija yolumikiza Phombeya ndi Matambo ku Tete, malaini oti ukawathimitsa tsiku limodzi maboma ambirimbiri amamva. Koma kumayiko komwe ntchito ya helikopitayi inakhazikika kalekale monga America ndi Canada yaphanso anthu odziwa bwino ntchito yawo, ndiye kaya ndinu injiniya amene mukukonza bajeti, kaya kontrakita, kaya mnyamata amene mwapeza mwayi wolowa gulu la helikopita kunja, tiyeni tiziike zonse pa sikelo musanasaine kanthu.

Zoti tiyang'ane

Choyamba tisasokoneze ntchito ziwiri. Kuyendera laini kuti uone chomwe chaonongeka ndi ntchito ina, kukonza chomwe wapezacho ndi inanso. Mikangano yambiri pa nkhaniyi imabwera poti wina akunena zoyendera mnzake akunena zokonza. Chachiwiri ndi funso loti lainiyo itha kuthimitsidwa kapena ayi, chifukwa yankho lake limachotseratu njira zina pa tebulo.

Mukadziwa ziwirizo, njira iliyonse muziyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa sindikunena ndalama yolipira kontrakita yokha koma ndi ndalama yomwe imatayika magetsi akathima, fakitale zitaima, zigayo zitaima, chipatala chikuyendera jenereta. Kupezeka kwake, kutanthauza kuti tsiku lomwe mwayifuna ilipodi pafupi pamodzi ndi anthu odziwa kuigwiritsa ntchito. Kasamalidwe, zipangizo komanso luso la anthu, poti luso nalo limachita dzimbiri likakhala osaligwiritsa ntchito. Kenako zoopsa, ndipo pa zoopsa ine funso langa limakhala limodzi: chinthu chimodzi chikalakwika, munthuyo watsala ndi mpata wopulumukira kapena zathera pompo?

Kuthimitsa laini ndi kukwera tawa

Iyi ndi njira yomwe tonse timaidziwa, ESCOM, ZESCO, EDM ku Mozambique, kulikonse. Gulu limapita pa galimoto mpaka pomwe msewu wathera, kwinako wapansi atasenza zingwe ndi mainsuleta (timbale tija tolekanitsa waya wamoto ndi tawa), laini yathimitsidwa, apatsidwa pemiti, ayeza kuti mulibedi moto, aika ma earth (mawaya otayira moto m'nthaka), kenako kukwera.

Mtengo wake pa pepala ndi wotsikitsitsa, malipiro ndi ma alawansi ali mu kwacha, dizilo, zingwe, basi. Chomwe chimadula ndi mdima uja, ndipo ndalama imeneyo siioneka pa invoisi ya aliyense ndiye anthu amaiiwala powerengera. Pa laini ya 66kV kapena 132kV yomwe ili ndi njira ina yodutsitsira magetsi, palibe vuto lalikulu. Pa laini yoti ndi yokhayo yomwe ikudyetsa chigawo, tsiku lililonse lothimitsa ndi lowawa, ndipo mabwana amayamba kukankha gulu kuti lifulumire, pamene ngozi zimayambira pomwepo.

Kupezeka, anthu alipo ndipo ndi athu. Vuto ndi kufika. Nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza galimoto siidutsa, ndipo tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira ndi kugwetsa matawa kumwera kuja, kenako Freddy mu Marichi 2023, kuti nthawi yomwe lainiyo ikufunika thandizo kwambiri ndi nthawi yomweyo misewu ndi milatho zapita.

Kasamalidwe sikovuta koma kamanyozeka. Malamba okwerera, zingwe, zoyezera moto, ma earth, zonsezi zimafunika kuziyeza ndi kutaya zomwe zatha, komanso kulambula tinjira topita ku matawa chaka ndi chaka.

Zoopsa zazikulu ndi kugwa ndi moto wosauyembekezera. Laini yothimitsa yomwe ikuyenda limodzi ndi ina yamoto imatola mphamvu kuchoka kwa inzakeyo osakhudzana n'komwe, yokwanira kupha munthu ngati ma earth sanaikidwe pamalo pomwe akugwirapo. Palinso kukwera mbali yolakwika pa tawa yonyamula malaini awiri, njuchi zomwe zamanga m'mwamba, ndi tawa yoti akuba anamasula zitsulo zam'munsi ndiye ikuoneka yoima koma yafooka. Ubwino wake ndi woti pafupifupi zonsezi zili ndi chotchinga chachiwiri: ukaterereka lamba amakugwira, wina akayatsa molakwika earth imakuteteza. Ndipo ngozi ikachitika nthawi zambiri imagwera munthu mmodzi osati gulu lonse.

Kukonza laini ili ndi moto koma muli pansi

Apa pali njira ziwiri, ndodo zazitali za fibreglass zomwe umagwirira ntchito uli patali ndi waya, kapena galimoto ya kireni yokhala ndi bakete lomwe mkono wake sudutsa magetsi. Palinso yomwe amati barehand, yomwe injiniya Harold Rorden wa kampani ya American Electric Power anayambitsa mu 1960, munthu amavala suti yolukidwa ndi ulusi wosagwira moto msanga wa Nomex ndi tiwaya ta chitsulo, n'kudzilumikiza ku waya kuti iye ndi wayayo akhale pa mphamvu yofanana. Zili ngati mbalame yomwe yatera pa waya, siipsa bola isakhudze china chilichonse cholumikizana ndi nthaka kapena waya wina.

Mtengo uli pakatikati, galimotoyo ndi ndodozo n'zogula ndi foreksi ndipo maphunziro ake ndi aatali, koma magetsi sathima. Kupezeka kumadalira msewu, chigalimoto chimenecho sichikwera phiri ndipo pa matope chimatitimira, ndiye chimathandiza m'mataun, m'mbali mwa M1, pa ma sabusiteshoni. Kasamalidwe ndi komwe kuli nkhani: ndodo ikhale youma, yoyera, yopanda mng'alu, iziyezedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa fumbi likasakanikirana ndi chinyezi ndodo yomweyo imayamba kudutsitsa moto. Zoopsa zake n'zodziwikiratu, pa 400kV munthu ayenera kutalikira mamita angapo ku chilichonse cha mphamvu yosiyana ndi yake, ndipo moto wake suchita kudikira kuti ukhudze, umadumpha. Kukachita chiperoni kapena mitambo ya mphezi, ntchito iime.

Droni

Pa nkhani yoyendera ine ndili mbali ya droni, sindibisa. Mtengo wa droni yabwino ya ntchito yokhala ndi kamera yokokera pafupi ndi kamera yoona kutentha siwochepa, koma mukaufanizira ndi kubwereka helikopita ndi zinthu zosiyana kutali. Kamera ya kutentha imaonetsa jointi yomwe ikupsa isanaduke. Ilipo ndi ina yoona corona, moto wosaoneka ndi maso womwe umathetheka pa insuleta yoonongeka, ndipo imodzi yodziwika ya mtunduwu, CoroCAM, inapangidwa ku South Africa komweku ndi bungwe la kafukufuku la CSIR mogwirizana ndi Eskom, kampani ya magetsi ya kumeneko.

Kupezeka, apa Malawi sitili kumbuyo ayi. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesererako madroni mu 2017 ndi boma pamodzi ndi UNICEF, ndipo mu 2020 kunayamba African Drone and Data Academy, ndiye achinyamata odziwa kuulutsa ndi kuwerenga zithunzi alipo. Chomwe chimafunika n'kuwaphatikiza ndi mmisiri wa malaini wodziwa kuti chomwe chikuoneka pa chithunzicho ndi vuto kapena ndi zitosi za mbalame chabe. Chilolezo cha a zandege nacho chikhalepo, makamaka mukafuna kuulutsa kupitirira pomwe maso akuona.

Kasamalidwe kake ndi mabatire, omwe satenga nthawi m'mwamba, ambiri safika ola, ndipo amafooka msanga ndi kutentha. Ndiye mumayenda ndi mulu wa mabatire ndi jenereta. China chomwe anthu sachiganizira ndi zithunzi, mumabwerako ndi masauzande ndipo pakapanda munthu woziona ndi kuzisandutsa ntchito yoti gulu lipite likakonze, mwangotaya ndalama.

Zoopsa: mphamvu ya laini imatha kusokoneza kampasi ya droni mukayandikira kwambiri, itha kugunda waya, itha kugwera pa nyumba ya munthu kapena kuyatsa tchire batire ikaphulika. Koma ikagwa mulibe munthu. Malire ake ndi oti droni imaona, siimanga bawuti kapena kusintha insuleta, olo kuti imathandiza kuwolotsa kachingwe koyambira pa mtsinje kapena chigwa pomanga laini. Maroboti oyenda pa waya monga LineScout ya Hydro-Québec alipo, koma kwa ife ndi zakutali, sindiika nthawi pamenepo.

Helikopita yokhala ndi pulatifomu

Tsopano pa mwini nkhani. Mmisiri amakhala pa pulatifomu yomangidwa ku miyendo ya helikopita, nthawi zambiri kandege kakang'ono ngati MD 500, payiloti amayandikitsa mpaka waya uli pofika mkono, mmisiri amatambasula kandodo kachitsulo moto n'kuthetheka, kenako amakoleka chingwe cholumikizira ndipo helikopita yonse imakhala pa mphamvu imodzi ndi laini. Akatero amatha kusintha ma spacer olekanitsa mawaya, kuika mipira ija yofiirira yochenjeza ndege, kumata waya yemwe wayamba kuyoyoka, pakatikati pa matawa awiri pomwe wapansi sangafike. Ku South Africa Eskom yakhala ikugwira ntchito yotereyi pa malaini ake akuluakulu, ku France kampani ya RTE ili ndi nthambi yake ya mahelikopita.

Mtengo ndi wa pa ola ndipo ndi mu madola, ndipo olalo limayamba kuwerengedwa ndege ikanyamuka kwawo osati ikafika pa laini yanu. Onjezanipo mafuta a Jet A-1 omwe ayenera kuitsatira pa galimoto, makaniko, inshuwalansi, ndi masiku omwe mukulipira anthu atangokhala chifukwa kunja kuli mphepo. Imabweza ndalama pokhapokha ntchito ili yambiri yoti muichite ulendo umodzi, monga ma spacer mazanamazana pa laini yaitali, chifukwa zomwe gulu lapansi lingachite masabata iyo imachita masiku, magetsi osathima.

Kupezeka ndi vuto lenileni. Si helikopita iliyonse ndipo si payiloti aliyense. Munthu atha kukhala ndi maola ambirimbiri onyamula alendo kapena odwala koma sanaimepo njii pambali pa waya wamoto, ndipo imeneyo ndi ntchito ina. Kwa ife magulu oterewa apafupi ali ku Joni, ndiye si chinthu choti mungaitane mmawa chifike masana.

Kasamalidwe, ndege imayendera maola, zipangizo zimasinthidwa nthawi yake ikakwana kaya zikuoneka zabwino, ndipo payiloti ndi mmisiri amafunika kumagwira limodzi pafupipafupi kuti azimvana ndi mawu ochepa pa wailesi ya m'chipewa.

Pa zoopsa ndikhalitsapo pang'ono. Helikopita ya injini imodzi ikazima m'mwamba payiloti amatha kuitsitsa pogwiritsa ntchito mphepo yomwe ikuzunguza pulopela, koma zimatheka ngati ali patali ndi pansi kapena ali pa liwiro. Ntchito ya malaini imachitikira malo omwe zonse ziwiri palibe, waima malo amodzi mamita makumi angapo kuchoka pansi, mawaya mbali iyi tawa mbali iyo. Buku la helikopita yotereyi lili ndi tchati chosonyeza malo amenewa kuti ngopewa, pamene gulu la malaini limakhala momwemo tsiku lonse. Kenako pali waya wa pamwamba penipeni uja wotchinga mphezi, ndi wowonda ndipo dzuwa likakhala kumaso kapena kumbuyo kwake kuli phiri saoneka, n'chifukwa chake mapayiloti amaphunzitsidwa kuwoloka laini pamwamba pa tawa osati pakati. Mipeni yodula waya yomwe amaika kutsogolo kwa helikopita imathandiza ikagunda ikuthamanga chakutsogolo, koma siiteteza pulopela.

Nyengo yathu nayo muiganizire. Mpweya wotentha komanso wa kumtunda ndi wopepuka, ndiye helikopita imanyamula zochepa ndipo mphamvu yotsala yothawira imachepa. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, Dedza kuposa pamenepo, ndiye masana a mu Okutobala ndege yomwe inkanyamula bwinobwino m'mphepete mwa nyanja ya mchere imakhala ikuwefuka. Mwera wa mu Juni ndi Julaye umakankha mwadzidzidzi m'zigwa, utsi wa moto wolusa ndi wa minda ya nzimbe umatseka maso komanso umathandiza moto wa laini kudumpha.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri ndi tizinthu ting'onoting'ono. Pa 14 Disembala 2017 pafupi ndi Tweed ku Ontario, Canada, helikopita ya AS350 ya kampani ya Hydro One inagwa ndi kupha anthu anayi, payiloti ndi amisiri atatu. Sanagunde waya, injini sinazime. Anali atawatenga pa tawa akubwerera komwe amatera, ndipo ofufuza a Transportation Safety Board anapeza kuti chikwama chansalu chopanda kanthu chomwe chinali kunja pa pulatifomu chinauluka n'kukagunda pulopela yakumchira, mpaka mchirawo unathyoka atatsala pang'ono kutera. Amisiri atatu aja anaponyedwa kunja, sanali omangidwa bwino, ndipo malamba a m'mapewa a mipando yakumbuyo anali atakulungidwa ndi kumatidwa tepi. Kampani yaikulu, dziko la malamulo okhwima, anthu ozolowera ntchito, ulendo wa mphindi zochepa. Amene mumaganiza kuti ngozi ili pa waya pokha, inachitikira pa ulendo wobwerera.

Helikopita yonyamula munthu pa chingwe

Njira ina ndi yoti mmisiri amalendewera pa chingwe chachitali chosadutsa magetsi kunsi kwa helikopita, n'kukamusiya pamwamba pa tawa kapena pa waya, ndege n'kuchoka kudzamutenga akamaliza. Mtengo ndi kupezeka n'zofanana ndi ya pulatifomu, kungoti ndege siima nthawi yaitali pamalo amodzi ndiye imatha kutumikira magulu angapo tsiku limodzi, ndipo pomanganso matawa ogwa kumalo koti madzi adula msewu palibe njira yoiposa liwiro.

Kasamalidwe kali pa chingwe ndi mbedza. Chingwe chikanyowa kapena kuda chimayamba kudutsitsa moto, chikakhuzika pa chitsulo chimafooka mkati. Mbedza wa katundu anapangidwa kuti payiloti azitha kutaya katundu zinthu zikavuta, ndiye ponyamula munthu pamafunika mbedza awiri kapena lamba wachiwiri wozungulira thupi la ndege, kuti chala chikakhudza batani mwangozi munthu asagwe.

Ubwino wake pulopela zimakhala kutali ndi mawaya. Kuipa kwake payiloti akuuluka mutu uli kunja kwa chitseko akuyang'ana pansi, ndipo injini ikazima sangataye katunduyo poti ndi munthu. Apa m'pomwe ndege za injini ziwiri monga H135 kapena Bell 429 zimamveka, ndipo malamulo a ku America ali ndi gulu lina la kunyamula anthu kunja lomwe limafuna ndege yotha kuimabe m'malere injini imodzi itazima. Zimadula kwambiri, mphepo yake yopita pansi ndi yaikulu, ndipo injini yachiwiri siithandiza kanthu mchira ukagunda waya kapena chikwama.

Ndiye iti pa ntchito iti

Ngati mukungofuna kudziwa momwe laini ilili, droni ndi gulu lapansi loyang'ana maziko ndi zitsulo zobedwa n'zokwanira, palibe chifukwa choika anthu m'mwamba kuti akajambule zomwe kamera yokha ingajambule. Helikopita yoyendera ikhale ya laini yaitali zedi ngati ija ya Cahora Bassa yochoka ku Songo kukafika ku Apollo pafupi ndi Johannesburg, makilomita oposa 1,400, kapena mmawa wa pambuyo pa namondwe pomwe mukufuna kudziwa lero lomwe kuti matawa agwa pati.

Laini yomwe itha kuthimitsidwa ndipo galimoto imafika, thimitsani, ikani ma earth, kwerani, ndipo ndalama yomwe mukanalipira ndege mugulire malamba atsopano ndi kulambula njira. Yomwe singathimitsidwe koma ili pafupi ndi msewu, ndodo kapena bakete. Yomwe singathimitsidwe, msewu kulibe, vuto lili pakati pa matawa pamwamba pa mtsinje kapena chigwa, imeneyo ndiye ya pulatifomu, ndipo sonkhanitsani ntchito zonse za mtunduwo zichitike ulendo umodzi nyengo yozizira yopanda utsi, mmawa mphepo isanadzuke. Matawa ogwa kumalo odulidwa ndi madzi, chingwe chachitali, ndipo ngati thumba likulola tengani ya injini ziwiri.

Mukafika poitana kontrakita wa helikopita, mufunseni maola a payiloti pa ntchito ya mawaya yeniyeniyo osati maola onse, mufunse kuti gululo lagwira limodzi kangati chaka chino, ndani amayang'ana katundu wa kunja ndege isananyamuke ulendo uliwonse olo wa mphindi ziwiri, mafuta amawayeza bwanji ndipo amatera atatsala ochuluka bwanji, mphepo ikafika pati amasiya, ndipo wina akavulala kutchireko chipatala chomwe mukuthamangira ndi chiti. Mu kontirakiti mupewe kulipira pa chiwerengero cha zomwe amaliza patsiku chokha, chifukwa zimenezo zimakankha anthu kuuluka tsiku loti akanakhala pansi.

Kwa inu achimwene amene mwaitanidwa kulowa gulu lotere ku Joni, ku Canada kapena kwina, ndalama yake ndi yabwino kuposa ya pansi ndipo sindikuletsani. Koma musanavomere funsani ngati mmisiri wamng'ono ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kudulidwa malipiro, onani ndi maso anu malamba a mpando womwe muzikhalapo, ndipo werengani pepala la inshuwalansi kuti likutchuladi ntchito ya kunja kwa ndege, poti mapepala ena amateteza okwera mkati okha ndipo banja lanu kumudzi lidzazidziwa mochedwa.